Kavalo Amathamanga Mphindi Ziwiri, Phwando Limachezera

(Nyimbo yotsegulira)

Moni a kwa Njombwa, a ku Chinkhoma, a m'mbali mwa Bua, ndi inu amene muli pa esiteti mukumalizitsa kusankha fodya wotsala m'chigafa. Amayi amene muli pamoto musasiye mthiko, ingokwezani wailesi pang'ono. Kunja kwazizira, Julaye ndi ameneyu, choncho sendezani mpando kufupi ndi mbaula ticheze.

Lero ndabwera ndi nkhani ya akavalo. Ndikudziwa kuti ena mwaseka kale. Mukuti, kodi bambo ameneyu akavalo wawaona kuti kuno kwa Njombwa? Kwathu kuno n'kwa ng'ombe zapangolo, abulu ndi njinga za kabaza. Mukunena zoona. Koma pirirani nane, chifukwa nkhani yanga yagona kwenikweni pa anthu amene amapita ku mjaha wa akavalo, atatchena kotheratu, n'kudya, kumwa, kuvina tsiku lonse, kenako n'kubwerera kwawo osaona ngakhale mchira wa kavalo. Tiyamba ndi ku Durban, ku Joni, kumene ana athu ambiri ali pa ntchito. Kenako tidzera ku Harare. Pomaliza tibwerera konkuno ku Chinkhoma, pakuti nkhaniyi ikutikhudza kuposa mmene mukuganizira.

Poyamba tichotse kaye funso lija lakuti n'chifukwa chiyani kuno akavalo ndi osowa. Kavalo ndi nyama yosachedwa kudwala m'dera lathu lino. Kashembe, amene a kufupi ndi nkhalango ya Kasungu akumudziwa bwino, amapatsira ziweto matenda, ndipo kavalo salimba nawo. Palinso nthenda ina ya akavalo okhaokha, yofala ndi tizilombo touluka ting'onoting'ono toluma madzulo ndi usiku, imene imapha akavalo ambiri amene yawagwira. Bulu amapirira, kavalo ayi. N'chifukwa chake akavalo ochepa amene ali m'dziko muno mumawapeza m'malo ngati pa phiri la Zomba kapena ku Kande m'boma la Nkhata Bay, kumene amakweza alendo odzaona malo.

Tsopano tiyeni ku Durban.

Chaka chilichonse, Loweruka loyamba la mwezi wa Julaye, mumzinda umenewu mumachitika mjaha wotchedwa Durban July. Unayamba mu 1897, nthawi imene atsamunda anali atangokhazikika kumene kuno kwathu, ndipo kavalo woyamba kupambana anali Campanajo. Bwalo lake limatchedwa Greyville, ndipo lili m'kati mwenimweni mwa mzinda. Tayerekezani msewu waudzu wosalala, wotakasuka bwino, wozungulira n'kudzakumana pomwe unayambira. Akavalo amathamanga mumsewu umenewo. Mbali imodzi kuli nyumba yosanja yokhala ndi mipando, kumene amakhala anthu ofunadi kuonerera. Ndiye pakati pa msewu wozungulirawo pali malo aakulu, amene masiku onse ndi bwalo la masewero a gofu la Royal Durban Golf Club. Tsiku la mjaha likayandikira, malo apakatiwa amasanduka mudzi wa matenti.

Pamene ndikuti matenti musaganize tenti ya pamaliro ija, ya mizati inayi ndi mipando yobwereka ku tchalitchi. Awa ndi matenti akuluakulu oyala pansi, okhala ndi masofa, magetsi, malo ogulitsira zakumwa, ophika awoawo, ndi nsanja ya oimba. Tenti iliyonse ili ndi mwini wake, kaya ndi kampani, kaya ndi wokonza zisangalalo, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake wolowera. Pakhomo pamaima alonda oyang'ana kachingwe kamene akumanga pamkono. Kachingwe kako kakapanda kugwirizana ndi tenti imeneyo, ngakhale utatchena motani, ubwerera.

Ndipo kutchena ndiye nkhani yaikulu. Chaka chilichonse okonza mjahawu amalengeza mutu wa zovala, ndiye matelala ndi okonza mafashoni amagwira ntchito usana ndi usiku kwa milungu ingapo. Amayi amabwera ndi zipewa zoti polowa pakhomo mpaka apendeke mutu, madiresi okwekwereza pansi, nsapato zazitali zimene zimangotitimira mu udzu wa gofu uja. Abambo masuti owala, ena a mtundu woti kuno ungangouona pa chitenje. Anthu amachokera ku Johannesburg, ku Cape Town ndi maiko oyandikana nawo, ndege zimadzaza, malo ogona amatha. Pa tsikulo pabwalopo pamasonkhana anthu pafupifupi 50,000.

Nanga akavalo? Tsikulo pamakhala mijaha yokwana ngati 12, kuyambira masana mpaka usiku, koma waukulu ndi umodzi, umene umachitika cha m'ma 4 koloko madzulo. Akavalo osapitirira 20 amathamanga mtunda wa makilomita awiri ndi kachidutswa. Kuyambira pamene zitseko zatseguka mpaka woyamba kudutsa pamzere, pamapita mphindi ziwiri ndi timasekondi pang'ono. Basi. Munthu amene wapita kukataya madzi nthawi imeneyo amabwerako zonse zitatha.

Ndiye gwirani mfundo iyi, chifukwa ndiibwereza kangapo: kavalo amathamanga mphindi ziwiri, koma phwando limatenga tsiku lonse ndi usiku womwe, ndipo ndalama zochuluka zimayenda m'phwandomo.

Amene ali m'matenti aja ambiri saona n'komwe mjahawo ndi maso awo. Ena amauonera pa kanema wa m'tentimo, ngati mmene akanachitira ali kunyumba. Ena amangomva chiphokoso chochokera ku mipando, n'kufunsa woyandikana naye kuti, wapambana ndani? Akauzidwa dzina amagwedeza mutu, n'kupitiriza kuvina. Kale kunalinso mwambo wina umene ankautcha mjaha wa nambala 13. Mijaha yeniyeni ikatha, amuna amene mowa wawakwera ankavula zovala n'kuthamanga mumsewu wa akavalo uja ali chibadwire, khamu likukuwa. Akuluakulu a bwalo anadzauletsa mwambowu. Ana amene mukumvera, zimenezo si zotengera.

Tisanapume, ndikuuzeni za munthu mmodzi amene kwa iye mphindi ziwiri zija zinali zonse. Dzina lake ndi S'manga Khumalo, wa ku KwaMashu, dera la anthu wamba mumzinda womwewo wa Durban. Nthawi ya tsankho ku South Africa, anthu akuda ankasamalira akavalo, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kusesa m'makola, ndipo pobwera kudzaonerera ankakhala malo awoawo opatulidwa. Kukwera kavalo pa mjaha waukulu kunali kwa ena. Khumalo anaphunzira ntchitoyi pa sukulu ya okwera akavalo ku Summerveld, kunja kwa Durban, ndipo mu 2013 anapambana Durban July atakwera kavalo wotchedwa Heavy Metal. Anali munthu wakuda woyamba kutero, patatha zaka 116 chiyambire mjahawu. Mu 2022 anapambananso ndi kavalo wina, Sparkling Water. Anthu a ntchito imeneyi amakhala ochepa thupi, ndipo amadzimana chakudya kuti sikelo isawakane. Ambiri kulemera kwawo kumangopitirira pang'ono thumba limodzi la feteleza. Pamene anzawo m'matenti akukhwasula nyama, iwo amakhala akuwerengera ngakhale madzi akumwa.

Tipume kaye ndi nyimbo. Tikabwerako tiona kumene ndalama za tsikuli zimachokera ndi kumene zimapita, ndipo mumva mmene fodya akulowera m'nkhaniyi.

(Nyimbo)

Mwabweranso, zikomo. Amene mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za mjaha wa akavalo wa ku Durban, ndipo tanena kuti kavalo amathamanga mphindi ziwiri pamene phwando limachezera.

Tiyambe ndi kubetcha, chifukwa popanda kubetcha mijaha imeneyi bwenzi itatha kalekale. Kuyambira mu 1965 mpaka zaka za m'ma 1990, lamulo la South Africa linkaletsa pafupifupi njuga zonse kupatula kubetcha pa akavalo. Choncho munthu wofuna kuyesa mwayi wake mosaopa apolisi analibe kwina kopita. Anthu a m'maofesi, a m'migodi, agogo kunyumba, onse ankasankha kavalo wawo Julaye akafika, ndipo chizolowezicho chilipobe.

Kubetchako kuli mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo mvetserani bwino mmene kumayendera. Mtundu woyamba, ndalama za onse obetcha zimaikidwa pamodzi. Asanagawe, eni malo amayamba atapapo gawo lawo. Zotsalazo ndi zimene amagawana amene analoza kavalo wopambana. Ndiye kuti kaya apambana kavalo wakuda, kaya wofiira, kaya wotsimphina, eni malo atenga kale zawo mjaha usanayambe. Mtundu wachiwiri, pali munthu kapena kampani imene imakuuziratu kuti ukaika zakuti pa kavalo uyu, akapambana ndikupatsa zakuti. Iyeyo amakhala atawerengera mitengo ya akavalo onse mwakuti zimene atolere kwa oluza zipose zimene alipire opambana. Nthawi zina amalakwitsa masamu n'kupsa, koma pa chaka chonse amatuluka ndi phindu, apo ayi bwenzi atatseka.

Pofuna kuti zotsatira zisadziwikiretu, Durban July ili ndi lamulo lakuti kavalo amene waonetsa kale mphamvu m'mijaha ina amasenzetsedwa katundu wolemererapo. Amaika tizitsulo m'kansalu ka pansi pa chishalo. Wofookerapo amamupeputsira. Cholinga n'chakuti onse akafike pamzere mothithikana, kuti wobetcha aliyense azidziona ngati ali ndi mwayi.

Ndalama zikachuluka chonchi, mitima ya anthu ena imada. Mu 1966 kunali kavalo wotchuka kwambiri dzina lake Sea Cottage, ndipo anthu ochuluka anali ataika ndalama pa iye. Kutatsala milungu itatu kuti mjaha uchitike, m'mawa akupita naye kokachita masewero olimbitsa thupi m'mbali mwa nyanja pamalo otchedwa Blue Lagoon, munthu wina anamuwombera ndi mfuti m'ntchafu yakumbuyo. Chiwembucho chinachokera ku nkhani za kubetcha, ndipo wowomberayo anagwidwa n'kuikidwa m'ndende. Kavaloyo sanafe. Chipolopolo chinatsalira m'thupi, koma anathamangabe chaka chomwecho n'kukhala wachinayi. Chaka chotsatira, mu 1967, anafika pamzere nthawi imodzimodzi ndi kavalo wina wotchedwa Jollify, oweruza n'kulephera kuwasiyanitsa, ndipo onse awiri anatchedwa opambana. Ku Durban nkhani imeneyi amaikambabe mpaka lero.

Koma mwina mukuti, bambo inu mukukokomeza, anthu amapitira akavalo, phwando n'longowonjezera. Imvani zimene zinachitika ku America. Mumzinda wa Baltimore muli bwalo lotchedwa Pimlico, kumene kwa zaka zambiri kwakhala kukuchitikira mjaha wa Preakness Stakes m'mwezi wa Meyi. Kumenekonso achinyamata ankadzaza malo apakati pa bwalo, ndipo ankaloledwa kubwera ndi mowa wawo. Ankabwera nawo wochuluka zedi. Zinafika poti ena ankakwera pamwamba pa zimbudzi zonyamulika zimene zinandandalikidwa pamzere, n'kumathamanga pamadenga ake, anzawo pansi akuwagenda ndi zitini za mowa zosatsegula. Anthu ankavulala. Mu 2009 eni bwalo analetsa kubwera ndi mowa. Akavalo anali omwewo, mjaha womwewo, tsiku lomwelo. Koma mwa anthu atatu alionse amene anabwera chaka chapitacho, pafupifupi mmodzi sanabwere. Chaka chotsatira eni bwalo anabwera ndi nzeru ina. Anayamba kugulitsa kapu yoti ukalipira kamodzi azikuthirira mowa tsiku lonse, n'kuitana oimba otchuka. Anthu anabwerera. Taonani kusintha kwake: mowa uja unabwerera pabwalo, koma tsopano wogulitsa anali mwini bwalo.

Ku Durban nakonso, mu 2020 ndi 2021, nthawi ya mliri wa Covid-19, mjaha unachitika popanda khamu. Akavalo anathamanga bwinobwino, opambana anapezeka. Amene analira anali a mahotela, matelala, oyendetsa mataxi, ophika, oimba, alonda ndi osesa. Pakati pa anthu ogwira ntchito zamtunduwu mumzinda wa Durban pali Amalawi ambiri. Amene muli ndi mwana kapena mlongo kumeneko, mukamaimbirana mudzamufunse mmene mzindawo umakhalira sabata yoyamba ya Julaye.

Tsopano nayi nkhani ya fodya imene ndinakulonjezani. Phwando lalikulu chonchi limafuna kampani yolithandiza ndi ndalama, imene dzina lake limamatidwa pa mjahawo. Kuyambira mu 1963, kwa zaka zoposa 35, mjahawu unkadziwika ndi dzina lakuti Rothmans July. Rothmans ndi ndudu. Ndalama za fodya ndi zimene zinakuza mjahawu kufika pamene ulipa. Nthawi imeneyo n'kuti kuno ku Kasungu ma esiteti akutsegulidwa, nkhalango zikugwa, mateneti akubwera pa malole kuchokera ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Phalombe. Ntchito yake inali imodzi yomweyi ya fodya. Ife tinali kumayambiriro kwake, kunazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa. Kumapeto kwake kunali tenti ya ku Greyville, galasi lili m'manja.

Mu 1999 boma la South Africa linakhwimitsa lamulo, n'kuletsa makampani a fodya kutsatsa malonda awo kapena kuika maina awo pa masewero. Posakhalitsa dzina la Rothmans linachoka pa mjahawu. Linalowa m'malo ndi la Vodacom, kampani ya mafoni, imene inakhalapo zaka pafupifupi 20. Kuyambira mu 2022 mjahawu ukutchedwa Hollywoodbets Durban July, ndipo Hollywoodbets ndi kampani ya zobetcha. Mu 2022 mphoto ya mjaha waukuluwo inafika pa marandi 5 miliyoni.

Tamvani mndandandawo kachiwiri: ndudu, kenako foni, kenako kubetcha. Ine ndikauyang'ana ndimaona mbiri ya thumba la mnyamata wa pa Chinkhoma. Bambo ake ankalima fodya. Iyeyo anagula foni ndi ndalama za fodya. Lero pa foni yomweyo akubetcha. Sakubetcha pa akavalo, iye wake ndi mpira wa ku England ndi timasewero tina ta pafoni, koma masamu ake ndi omwe aja ndafotokoza: mwini malo amatapa zake poyamba. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Kapepala ka kubetcha kamene kali m'thumba la malaya, kolonjeza mamiliyoni mawa, n'ka pachala.

Timve nyimbo ina, kenako tikwere basi ya ku Harare.

(Nyimbo)

Ku Harare sitikhalitsa, koma sitingakudumphe, chifukwa kumeneko kuli abale athu enieni. Agogo athu ambiri anapita ku Zimbabwe kale, nthawi imene dzikolo linkatchedwa Southern Rhodesia, kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a fodya. Ena anatchona, ndipo zidzukulu zawo zili ku Mbare, ku Highfield ndi m'mafamu mpaka lero, zina zikulankhulabe Chichewa.

Kumpoto kwa mzinda wa Harare kuli bwalo la akavalo la Borrowdale Park. Masiku wamba kumapita anthu ochepa, okonda akavalo enieni. Koma kwa zaka zambiri pakhala masiku awiri pa chaka amene bwalolo limasefukira. Loyamba ndi la Castle Tankard, mjaha umene unayamba mu 1960 ndipo umathandizidwa ndi kampani ya mowa. Lachiwiri ndi la OK Grand Challenge, la masitolo a OK, kumene anthu amene akhala akugula katundu m'masitolowo amadzadikira mayere a galimoto ndi mphoto zina. Funsani munthu wa ku Mbare amene wapita ku Borrowdale tsiku limenelo kuti wapambana ndi kavalo uti. Adzakuuzani amene wapata galimoto, ndi woimba amene anatseka usikuwo. Mmodzi mwa oimba amene akhala akusangalatsa anthu pa Castle Tankard ndi Alick Macheso, katswiri wa gitala ya besi amene ambiri kuno mumavina nyimbo zake. Macheso anabadwira kumafamu a ku Shamva mu 1968, bambo ake ndi ochokera kuno ku Malawi, ndipo nyimbo zake zina amaimba m'Chichewa. Mwana wa pafamu ndi amene amadzaza bwalo limene kale linali la eni mafamu.

Choncho ku Harare nakonso n'chimodzimodzi. Kavalo mphindi ziwiri, phwando mpaka usiku.

Tsopano tibwerere kwathu.

Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, Chinkhoma amasintha nkhope. Inu mukudziwa bwino kuposa ine. Malole a mabelo amandandalika kudikira kutsitsa. M'kati mwa okushoni mabelo amayalidwa m'mizere, ogula amadutsa, amasolola tsamba, kuliyang'ana, kulinunkhiza, mtengo n'kulembedwa pa tikiti. Belo limene munalivutikira kuchokera pa nazale mu Seputembala, kudzera m'mvula ya Januwale, mpaka kulidinda pa jeke, tsogolo lake limadziwika m'kanthawi kosakwana n'komwe mphindi ziwiri za kavalo zija. Likakanidwa, mwayambanso kudikira.

Ndiye tulukani panja pa mpanda muone. Chiwaya chili pamoto kuyambira m'mawa, tchipisi ndi kanyenya fungo lili guu. Masipika a m'mabala akulimbana, uyu nyimbo yake, uyu yake. Mavenda abwera ndi mafoni, mawailesi, matilesi, masuti a kaunjika, njinga zonyezimira zomangidwa mapepala. Malo ogona adzaza. Kwabwera nkhope zachilendo zimene simuziona mwezi wa Januwale, ndipo msika ukatsekedwa simudzazionanso. Anthu amenewa sanalime fodya, sadzalowa n'komwe mu okushoni, ndipo mtengo wa pa kilogalamu sakuudziwa. Adzera khamu.

Ine sindili m'gulu la amene amanyoza mlimi akakhala pansi kuti aziziritse kukhosi. Munthu amene wakhala miyezi isanu ndi inayi manja ali bii ndi phula la fodya, wagona m'chigafa kuopa akuba, wadya nsima ya mgaiwa ndi therere mwezi wa Febuluwale, ameneyo akagula kanyenya ndi botolo tisamuyang'ane ngati wapha munthu. Anthu a ku Durban aja savina chifukwa ndi opusa. Munthu amafuna tsiku limodzi loti avale bwino, anthu amuone, amutchule kuti bwana. Chilakolako chimenecho n'cha tonse, ndipo alaliki amene amachita ngati iwo alibe, ine sindiwakhulupirira kwenikweni.

Kusiyana kumene ndikuona n'kwakuti wa ku Durban uja, tikiti ya tenti amaigula miyezi ingapo tsiku lisanafike. Amadziwiratu mtengo wake. Ena amasunga pang'onopang'ono, ena amakongola n'kumalira mu Ogasiti, koma mwezi ukatha malipiro ena amabwera. Mlimi wa fodya malipiro ake amabwera kamodzi pa chaka. Ndiponso ndalama imene imalowa ku banki si imene inalembedwa pa tikiti ya belo ija. Achotsapo ngongole ya feteleza ndi mbewu ngati munalima pa mgwirizano ndi kampani, achotsapo za mayendedwe, za msika, za bungwe, msonkho. Yotsalayo ili kale ndi eni ake akudikira kunyumba: mateneti amene agwira ntchito chaka chonse akungolandira chimanga ndi mchere, mayi amene anasoka nawo fodya mpaka zala kuchita matuza, fizi ya teremu yoyamba mu Seputembala, ndi feteleza wa chaka chamawa. Phwando la pa Chinkhoma lilibe tikiti yodziwika mtengo. Umalowa ulele, ndipo mtengo wake umaudziwa potuluka.

Chinanso chimene ndaona pa maphwando onsewa, kuyambira ku Greyville, ku Borrowdale mpaka pa Chinkhoma, n'chakuti pabwalo pamakhala magulu awiri a anthu. Ena abwera kudzasangalala, ena abwera ku ntchito. Telala wa ku Durban, mlonda wa pakhomo la tenti, Macheso ndi gitala yake, mayi wa chiwaya, mnyamata wa kabaza amene amanyamula oledzera usiku, onsewa amapita kwawo thumba litalemera kuposa mmene anabwerera. Ndipo kuno kwa Njombwa alipo mabanja amene anazindikira zimenezi kale. Bambo ali m'kati ndi mabelo, mayi ali panja akugulitsa mandasi, nsima ndi tiyi kwa oyendetsa malole. Nyengo ya msika ikamatha, nthawi zina ndalama ya mandasi ija ndi imene imaoneka kumene yapita.

Ndiye ndikusiyireni mafunso oti mukambirane pamene mukudya nsima usiku uno. Abambo, chaka chino musanapite kukatapa ndalama za fodya, kodi munakhala pansi ndi mayi a kunyumba n'kugwirizana kuti yachisangalalo ndi yochuluka bwanji, monga amachitira wogula tikiti uja? Amayi, kodi pepala la malonda la ku okushoni munaliona ndi maso anu, kapena munangouzidwa kuti chaka chino mitengo sinali bwino? Inu mateneti, munalipidwa phwando lisanayambe kapena litatha? Ndipo achinyamata, tawerengerani ndalama zonse zimene mwaika pa kubetcha kuyambira pamene msika unatsegulidwa, ndi zimene mwalandirako. Musandiuze ine, ingolembani penapake muziyang'ane.

Tumizani maganizo anu pa uthenga wa pafoni kapena kudzera ku kalabu yanu yomvera wailesi, ndipo ena tidzawawerenga sabata yamawa popanda kutchula maina. Amene muli ndi abale ku Durban kapena ku Harare amene anagwirako ntchito pa tsiku la mjaha, tiuzeni zimene anakusimbirani. Sabata yamawa, nthawi ngati yomweyi, tidzatenga pepala la malonda a fodya lija n'kuliwerenga limodzi mzere ndi mzere, kuti tione chimene chimachotsedwa ndi chifukwa chake. Likonzeretuni pafupi ndi wailesi.

Tsalani bwino, mugone bwino, ndipo fundani, kunjaku kukuzizira.

(Nyimbo yotsekera)